Ana Angati, Bwana?

Khothi latsopano la mabanja analimanga kuseri kwa khothi lakale, pamalo pamene pankaolera magalimoto olandidwa ndi apolisi. Litatha, akuluakulu anagwirizana zolitcha dzina la a Jaji, amene anapuma ntchito atagwidwa ndi sitiroko. Palibe anatsutsa. Pa nthawi yawo, a Jaji anali chilombo kwa amuna othawa ana. Mwamuna akangoyamba zakuti "mwanayu sindikumudziwa," iwo ankavula magalasi n'kumuyang'ana duu, mpaka munthu wamkulu ndi ndevu zake ankavomera yekha, thukuta lili kamukamu.

Tsabola ankazidziwa bwino zimenezi chifukwa anali womasulira pakhothi pomwepo. Dzinalo anam'patsa ndi anzake a ntchito atamuona akukalipira loya wina amene ankaseka mayi wosadziwa chizungu. Ankadziwanso china chimene khothi lonse, mpaka osesa, linkadziwa koma osachitchula: a Jaji anali bambo ake. Mayi ake anali taipisiti muofesi mwawo kalekale, ndipo mimba itaoneka anawasamutsira ku ofesi ina mwakachetechete. Mphuno ndi nsidze za Tsabola zinali za a Jaji, osachita kufunsa. Anamasulirapo milandu yambiri pamaso pawo asanadwale, koma sanamuitanepo ndi dzina lina kupatula "womasulira."

Mwambo wotsegulira khothilo uli mawa, a Rejisitala, mkulu woyang'anira ntchito za pakhothi, anamuitanitsa ku ofesi kwawo.

"Khala pansi, Tsabola."

"Ndaima bwino, bwana."

"Mdala wathu womasulira wasasa mawu. Akulankhula ngati chule wopondedwa. Mawa pamaikolofoni uli iwe."

A Rejisitala anatseka chitseko ndi phazi.

"Sindikufuna, iwenso ukudziwa kuti sindikufuna. Koma ndilibe wina. Kukubwera akuluakulu, atolankhani, banja lonse la a Jaji. Unalumbira kuti uzimasulira zimene zanenedwa, osaonjezera, osachotsa."

"Ndinayamba ndaonjezerapo?"

"Sunayambe. N'chifukwa chake ndikukuopa. Ukakachita zako mawa, Lolemba usadzavutike n'kusita malaya."

M'mawa mwake anapeza mayi ake atamusitira kale jekete lakuda la kuntchito, iwonso atavala diresi lawo la kutchalitchi.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kukaona matailosi. Akuti ngowala mpaka umadziona."

"Amayi!"

"Iwe, ndili ndi miyendo yanga. Koma tamvera, mwana wanga. Usakandivule pagulu. Ine ndinasiya kalekale kudikira bambo amene uja."

"Inu munasiya. Ine sindinawafunsepo n'kamodzi komwe."

"Ndiye ukafunse lero? Pamaso pa akazi awo?" Mayi anam'konza kolala mwamphamvu ngati akufuna kum'tsamwitsa. "Ntchito imeneyi ndi imene ikutidyetsa m'nyumba muno. Mkamwa mwakomo muzikhala chitseko nthawi zina."

Pabwalo la khothi anakhoma tenti yoyera. Pamwamba pa khomo lalikulu panali nsalu yabuluu yophimba zilembo za dzina, ndipo chingwe chake chinkalendewera pambali pa nsanja. Pa pulogalamu panalembedwa kuti chingwecho adzakoka ndi ana a Jaji. Anawo anakhala kutsogolo: woyamba, loya wodziwika wa mapewa otambalala, ndi azichemwali ake awiri atavala zipewa zazikulu. Pakati pawo panali mayi awo, atagwira chikwama pamiyendo ndi manja onse awiri. A Jaji anali panjinga ya olumala, dzanja lamanzere litagona pabulangete ngati si lawo. Anthu wamba anaima kunja kwa tenti, padzuwa, ndipo Tsabola anawaona mayi ake komweko, atadziphimba ndi pulogalamu kumutu.

Ntchito ya womasulira ili ndi lamulo lake. Sanena kuti "akuti." Wolankhula akati "ine," nayenso amati "ine," ngakhale wolankhulayo akhale wakuba kapena wakupha. Motero nduna italankhula, Tsabola anakhala nduna, n'kulonjeza makhothi ena ambiri. Anakhala jaji wamkulu, n'kuyamikira mnzake wakale. Anthu ankaomba m'manja iye akamaliza, chifukwa ambiri chizungucho chinkangowadutsa.

Kenako anaimirira Loya, mwana woyamba wa a Jaji uja. Pokwera pansanja anam'yang'ana Tsabola kuyambira kunsapato, n'kutembenukira kwa anthu.

"Bambo anga," anayamba m'chizungu.

"Bambo anga," anatero Tsabola.

Mawuwo anatuluka pa masipika onse, nakagunda khoma la khothi lakale n'kubwerera. Kumbuyo, kumene kunaima akalaliki, wina anatsokomola chitsokomolo chabodza. Tsabola anali asanawatchulepo mawu amenewo pagulu chibadwire, ndipo lero amawatchula obwereka.

"Bambo anga anatiphunzitsa kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wodziwa kwawo. Ife ana awo atatu sitinagonepo ndi njala ya chikondi."

Anamasulira zonse. Sanadumphe ngakhale liwu limodzi. A Rejisitala, amene ankatsogolera mwambo, anapumira m'mwamba n'kupukuta pakhosi.

Inafika nthawi ya a Jaji. Anawayandikizira maikolofoni, koma chimene chinatuluka chinali mpweya wokhawokha ndi kulira kwa masipika. Sitiroko inawasiyira mawu aang'ono, okokeka, otulukira mbali imodzi ya kamwa.

"Womasulira ayandikire," anatero a Rejisitala.

Tsabola anagwada pambali pa njinga, n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Anamva fungo la sopo ndi mankhwala. Anali asanawayandikirepo chonchi. Pakhosi pawo panali kabala kakang'ono, pamene wowameta anawacheka.

A Jaji anathokoza boma. Iye anathokoza boma. Anathokoza anzawo a ntchito, amoyo ndi omwalira. Iye anateronso. A Jaji anati nyumbayi isadzabweze mwana aliyense pakhomo. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analulutira. Kenako a Jaji ananena pang'onopang'ono:

"Ndikuthokoza mkazi wanga, ndi ana anga atatu."

Palibe wina anamva, ngakhale akazi awo amene anali pafupi. Tenti yonse inkadikira pakamwa pa Tsabola. Akanangonena kuti "anayi," atolankhani akanalemba, ndipo mdala wosatha kukweza mawu akanatsutsa bwanji? Liwulo linafika palilime, lokoma, lopepuka. Analimeza. Sankafuna bambo womupeza mwakuba.

Koma womasulira ali ndi ufulu umodzi. Akapanda kumva bwino, amaloledwa kutuluka m'mawu a wolankhula n'kupempha kuti abwereze, ndipo palibe jaji amakana. Anakweza maikolofoni.

"Womasulira akupempha wolankhula abwereze chiwerengero."

Ananena m'zilankhulo zonse ziwiri, monga amachitira m'khothi. Kenako anawayang'ana m'maso.

"Ana angati, bwana?"

Loya anadzambatuka, mpando wake n'kugwa chagada.

"Atatu! Anena kuti atatu! Aliyense akudziwa!"

"Womasulira amamva kwa wolankhula, osati kwa apambali," anatero Tsabola osam'cheukira.

"Iwe mtsikana, ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"Ndikudziwa, achimwene. Khalani pansi."

Kunja kwa tenti wina anati "Eee!" mokweza, anthu n'kuyamba kukankhana kuti aone. A Rejisitala anakodola mnyamata wa zokuzira mawu, akudzicheka pakhosi ndi chala, ndipo maikolofoni inazima m'manja mwa Tsabola. Anaiika pansi. Zaka zonsezi ankalankhula m'khothi lakale lopanda masipika, momwe agogo osamva amakhala kumbuyo kwenikweni. Mawu anali nawo.

A Jaji ankamuyang'ana. Diso lakumanzere linkatuluka misozi, koma linkatero kuyambira pamene anadwala. Milomo yawo inagwedezeka, ndipo Tsabola anayandikiza khutu.

"Mayi ako abwera?"

Tsabola anadziwa kuti funsolo ndi lake yekha, kuti mdalayo akufuna akambirane chamseri ngati kale lonse. Koma anali pantchito, ndipo wolankhula anali atalankhula. Anadzutsa mutu.

"Mayi ako abwera?" anatero mokweza, mawu ake n'kufika mpaka kumpanda.

Anthu anayang'anana. Akalaliki akale, amene ankaidziwa nkhani, anatembenuka onse pamodzi kuyang'ana kumene kunaima mayi wa diresi la kutchalitchi. Mayiyo anatsitsa pulogalamu kumutu n'kuima chilili, osathawa.

Dzanja labwino la a Jaji linagwira mkono wa Tsabola, zala zikukanikiza.

"Usandichite zimenezi pano."

"Usandichite zimenezi pano," anabwereza Tsabola. Mawu ake anathothoka pang'ono kumapeto, koma anamveka.

"M'chotseni!" anakuwa Loya. "Apolisi muli kuti? Akuzunza munthu wodwala!"

Wapolisi wina anasuntha, koma anaima poona kuti jaji wamkulu sanagwedezeke pampando. A Rejisitala anafika kumbuyo kwa Tsabola n'kunong'ona, mano ali olumana: "Dzuka. Dzuka pompano, mwana iwe, usanadziphe wekha."

Sanadzuke. Mawondo ankawawa pamatabwa a nsanja. Ankadziwa kuti ntchito mwina yapita kale, kuti mayi ake wawavula pagulu ngakhale anamuletsa, ndiponso kuti mdalayu akhoza kunenanso kuti "atatu," iye n'kuyenera kulengeza ndi pakamwa pake pamaso pa anthu onsewa. Akanalengeza. Koma funso linali lisanayankhidwe.

Amene analankhula anali akazi a Jaji. Sanaimirire, sanakweze mawu, ndipo sanam'yang'ane Tsabola.

"Khala pansi, iwe," anauza mwana wawo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, yankhani. Ine ndatopa nayo nkhani imeneyi. Mwanayo wagwada nthawi yaitali."

A Jaji anatseka maso. Mphepo inakupiza nsalu yabuluu ija pakhoma. Atatsegula maso sanayang'ane aliyense, anangoyang'ana bulangete lawo. Liwu linatuluka movutikira, ngati likukokedwa ndi chingwe.

"Anayi."

Anthu a kutsogolo anali ataona kale milomo ya mdalayo, ndipo mmodzi wa azichemwali aja anagwira pakamwa.

"Ndikuthokoza mkazi wanga," anatero Tsabola, "ndi ana anga anayi."

Palibe anaomba m'manja. Kunja kokha kunamveka phokoso, anthu akufunsana, ena akulozerana. A Jaji sanatchule dzina lake, sanam'gwirenso mkono. Anangoti atopa, ndipo iye anamasulira kuti, "Ndatopa."

Anaimirira, mawondo a siketi ali mbuu ndi fumbi. A Rejisitala anam'patsira maikolofoni itayatsidwanso, osamuyang'ana kumaso.

"Lolemba uyambire ku ofesi kwanga."

"Ndiyambira komweko, bwana."

A Rejisitala anayang'ana pulogalamu yawo nthawi yaitali, ngati akufuna mzere wina woti athawireko. Panalibe. Anakonza kukhosi n'kuwerenga m'chizungu zimene zinalembedwa.

"Tsopano tipempha ana a Jaji abwere kutsogolo adzakoke chingwe," anamasulira Tsabola.

Azichemwali awiri aja anaimirira mozengereza. Loya anakhala pomwepo, manja atapinda pachifuwa. Tsabola anaika maikolofoni pampando, anasasa fumbi pasiketi, n'kupita kuchingwe.