Katekisimu wa pa Makina

Telala uja wa pakhonde la sitolo ya nsapato analibe nthawi yokhala pansi n'kuphunzitsa mwana katekisimu. Ntchito imeneyo inali ya malemu mkazi wake. Telalayo ankangotsegula kabukuko, n'kukapsinja ndi sizasi pambali pa makina, n'kumafunsa uku akuponda.

"Kasingano, anakulenga ndani?"

Mtsikanayo ankayankha motsatira kulira kwa chopondera cha makina. Msoko wa thalauza unkakwana Malamulo Khumi. Kolala inkangokwana funso limodzi.

Linafika Loweruka la mayeso. Wolephera ankayenera kudikira chaka china asanabatizidwe, atakhala pa benchi imodzi ndi tiana tamamina. Kasingano anali atanena kale kuti zimenezo sangazipirire, bola kungosiya tchalitchi.

M'chipinda cha abusa munali zii. Telala anakhala kumbuyo, chipewa pamaondo.

"Tandiuza lamulo loyamba, mwanawe," anatero abusa.

Kasingano anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayang'ana kudenga. Abusa anabwereza funso, koma mwana anangoti kakasi.

Telala sanaganize n'komwe. Mapazi ndiwo anayamba okha: zidendene pansi, zala pansi, zidendene pansi. Nsapato zinalira pasimenti, ndipo mawu anatuluka m'kamwa mwa Kasingano. Lamulo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mantha anamufulumizitsa bamboyo, mwana nayenso anathamanga, mpaka anadutsa lakhumi n'kulowa m'mayankho amene palibe anali atafunsa.

Abusa anakweza dzanja. Telala anaimitsa mapazi. Kasingano anaima pakati pa mawu.

Abusa anavula magalasi, n'kusuzumira pansi pa benchi kwa kanthawi.

"Atelala, mukusoka chiyani kumeneko?"

"Ndi nyamakazi, abusa."

"Nyamakazi yanu imadziwa katekisimu kuposa akuluampingo anga. Tayambiraninso, koma pang'onopang'ono, ndimveko mawuwo."

Telala anaponda mofatsa, ngati akusoka nsalu yodula ya mwini wake. Mafunso makumi awiri anatha. Kamodzi kokha mwendo wa telalayo unachita dzanzi, ndipo mwana anadikira mpaka unatsitsimuka.

"Wakhoza," anatero abusa, akutseka buku.

Telala anayang'ana m'chipewa chake, n'kuchitembenuza kawiri. "Zikomo, abusa."

"Musathokoze msanga. Mawa ndimufunsanso pamaso pa mpingo wonse. Inuyo mukhale benchi yakutsogolo, ndipo muvale nsapato zomwezi."