Woperekeza

Alamu ake ndi amene anamupatsa dzina loti Dokotala Mawa, chifukwa ukamufunsa kuti digiri yachitatu ija amaliza liti, yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: "Mawa lomweli, alamu." Iye ndi mkazi wake ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya alamuwo, limodzi ndi matayala akutha ndi firiji yakufa. Ndiye ntchito ya uphunzitsi itapezeka kudipatimenti yawo kuyunivesite, anaona kuti khomo lotulukira m'kachipindamo ndi limeneli basi.

Kafukufuku wake anali wa mmene ubongo wa munthu umasankhira zinthu, ndipo tisamunamizire, ntchito yake ankaidziwa. Ankalowetsa ophunzira m'chipinda chopanda zenera n'kuwaonetsa nyumba ziwiri pakompyuta: ina yaikulu koma yakutali, ina yaing'ono koma yapafupi ndi tauni. Anthu ankagawikana pakati. Kenako ankawonjezera yachitatu, yaing'ono ndi yapafupinso, koma yodontha. Yodonthayo panalibe woisankha, komabe ikangoonekera, anthu ankakhamukira ku yaing'ono yabwino ija, aliyense akulumbira kuti waganiza yekha. Nyumba yodonthayo iye ankaitcha woperekeza.

Nzeru zimenezi zinamukwera kumutu. Pakhomo munthu sankagula ngakhale sopo osamva chiphunzitso. "Mukuti mwasankha nokha, mayi? Anakusankhirani kale eni sitolo," ankatero kwa mkazi wake, ali ndwii pampando wa eni, akumwa tiyi wa eni.

Pa onse amene anafunsira ntchitoyo anaitanapo atatu, iye n'kukhala mmodzi. Pulofesa wake, amene masiku onse ankamudutsa pakhonde ngati akudutsa chipilala, tsiku limenelo anamugwira paphewa. "Ndakumenyerani nkhondo kuti dzina lanu lilowe," anatero. Dokotala Mawa anabwereka jekete kwa alamu, n'kuuza mkazi wake kuti ayambe kumanga katundu.

Tsiku la intavyu atatuwo anakhala pabenchi panja pa ofesi. Kumanzere kwake kunali bambo wa imvi wochokera kuyunivesite ina, wokalambira m'kalasi koma wosalemba zambiri. Kumanja kunali mtsikana wa m'gulu lawo lomwelo la kafukufuku, mwana wapamtima wa pulofesa. Podikira, Dokotala Mawa anayamba kudziyerekeza ndi mtsikanayo kuti adzilimbitse mtima. Mutu wa kafukufuku unali umodzi, pulofesa mmodzi, chipinda chopanda zenera chomwecho. Kungoti mtsikanayo digiri anamaliza kale, ndipo zolemba zake zinatuluka m'magazini a akatswiri pamene za Dokotala Mawa zinali kudyedwa ndi mphemvu m'katoni.

Anayang'ana wa imvi uja, anayang'ananso mtsikanayo, thukuta n'kuyamba kuyenderera m'jekete ya eni. Mmisiri saiwala ntchito ya manja ake. Pabenchipo nyumba yodontha ija anali iye.

Analowabe n'kuyankha mafunso, akomiti akumumwetulira ngati anthu odzaona wodwala. Ntchito inapita kwa mtsikana.

M'mawa mwake anakagogoda kwa pulofesa, mawu okalipa atawanola njira yonse.

"Bwana, mwandisandutsa woperekeza."

Pulofesa anavula magalasi, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. "Mwazindikira nokha? Ndimadziwa ine kuti mutu ulipo! Akomiti anali atapendekera kwa mkulu uja. Mutangotuluka inu, onse anati mtsikanayu ndiye. Kafukufuku wanu ndi woona, achimwene, muzinyadira."

"Komatu ine ndinauza kale akazi anga kuti..."

"Zimenezo n'zakunyumba." Pulofesa anakoka chibuku cha digiri cha Dokotala Mawa, chimene chinakhalitsa padesikipo kudikira siginecha yake, n'kuikapo chikhatho. "Ichi ndichiwerenga posachedwa. Pajatu mwezi wamawa kukubwera mwayi wa maphunziro akunja, ndipo pali mnyamata wina amene ndikufuna apite. Mulembanso kalata yofunsira, eti?"

Dokotala Mawa anayang'anitsitsa chikhathocho. Ankadziwa dzina la msampha uliwonse umene ubongo umakodwamo, ina mpaka m'zilankhulo ziwiri, ndipo uwu ankauona bwinobwino, chingwe chake ndi nyambo yomwe. Komabe anafunsa:

"Tsiku lomaliza kulandira makalata ndi liti, bwana?"