Dzina la Kumapeto kwa Pemphero

Sophia anali pamatiresi pakati pa amayi amvano pamene mlamu wake Orton anamuitanira kukhitchini. Bokosi la mwamuna wake, Maynard, linali pabalaza, ndipo magalimoto a anthu obwera kudzapepesa anali atadzaza msewu wa ku Area 10.

"Mlamu, pageti pali mnyamata," anatero Orton. "Dzina lake ndi Greenwell."

Dzinalo Sophia ankalidziwa bwino. M'nyumba imeneyo munthu sankamwa tiyi asanagwade. M'mawa uliwonse Maynard ankawerenga ndime, n'kukhala chete akusinkhasinkha mpaka ana kuwawa maondo, kenako n'kupempha Mulungu kuti awatsogolere tsikulo. Ankatchula ana motsata kubadwa kwawo, Tusekile kenako Eddie, n'kupita kwa odwala, apaulendo ndi akundende. Kumapeto kwenikweni ankati, "Mukumbukirenso Greenwell." Sophia anafunsapo kamodzi, nauzidwa kuti ndi munthu wina wovutika ku Old Town. Zachifundo za mwamuna wake, mkulu wa mpingo, sankazilowerera, choncho anangomavomera ameni zaka zonsezo.

Anasuzumira pawindo. Mnyamatayo anali ataima manja kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere. Chipumi chinali cha Maynard, kaimidwe ka Maynard. Panalibenso chofunsa.

Orton anafotokoza maso ali pansi. Mayi wa mnyamatayo ankagulitsa kaunjika pafupi ndi mlatho, ndipo anamwalira kale. Greenwell anabadwa Tusekile akukwawa, Eddie asanabwere. Achibale a ku Rumphi ankadziwa onse. Mnyamatayo sankafuna kanthu pa katundu, koma kuperekeza maliro kumudzi, ndi kuti kumanda akamaitana ana kuika nkhata, nayenso aimirire.

"Tinyamuka mawa m'mawa," Orton anamaliza. "Mukakana, timubweza. Mawu ndi anu."

Nkhani ya pamaliro sichedwa. Dzuwa lisanalowe Tusekile anali atadzitsekera kuchipinda, ndipo Eddie ananena anthu akumva kuti munthuyo akakwera galimoto, iye atsala.

Chimene chinkamuwotcha mtima Sophia sichinali chigololocho chokha. Mwamunayo ankamugwaditsa tsiku ndi tsiku, n'kuulula tchimo lake kwa Mulungu iye ali pambali pomwepo, iye n'kumavomera ngati chitsiru. Mulungu anauzidwa zoona, mkazi ayi. Anamuda Maynard, ndipo kumuda munthu wogona m'bokosi kunamutopetsa kuposa kulira.

Kutacha, madalaivala akuwotha injini, Sophia anatsegula Baibulo kufuna chomuuza chochita. Anawerenga, nakhala chete monga ankachitira malemuyo, koma sanamve kanthu. Anangoona mnyamata uja pawindo, amene anagona panja ndi azibambo, akupinda chitenje chobwereka chimene anafunda, osadziwa woti am'bwezere.

Anaitana ana ake kuti apemphere. Anabwera nkhope zili gwa, nagwada pafupi ndi bokosi. Sophia anauza Orton kuti asiye chitseko chotsegula, ndipo Greenwell anaima pakhomo, osalowa.

Mawu a Sophia anali atasasa ndi kulira. Anapempha Mulungu kuti awatsogolere pamsewu wautaliwo, kenako anafika pa ana.

"Musunge Tusekile," anatero. "Musunge Greenwell. Musunge Eddie."

Eddie anadzuka. Anatuluka akumukhula phewa Greenwell pakhomo, ndipo patapita kanthawi geti linamveka kumenyetsedwa. Tusekile anayamba kusisima. Sophia sanatsegule maso. Anapitiriza ndi odwala, apaulendo ndi akundende, mpaka anafika kumapeto kuja kumene mwamuna wake ankabisako mwana. Tsopano kunalibe dzina. Mpingo wawo supempherera akufa, ndipo amayi amvano anali kumva.

"Mukumbukirenso Maynard," anatero.

Amene anavomera ameni anali Greenwell yekha.