Utsi wa Tsitsi Langa

Mudzi wathu wa Chibisa supezeka pa mapu. Ukachoka pa Kandeu kulunjika kumapiri, umangoona nkhungu itakhala pamwamba, chilimwe ndi dzinja lomwe. M'menemo ndimo ndinabadwira ine Lufina, ndipo ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndisanalionepo dzuwa bwinobwino.

Nkhunguyo sinabwere yokha. Azigogo athu atabwerako ku migodi ya ku Joni akutsokomola magazi, analumbira kuti olemba anthu ntchito asadzawapezenso ana awo. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mu Juni atsikana onse osakwatiwa amametedwa mpala, tsitsi lawo n'kuwotchedwa pamwala wa kuseri kwa tchalitchi. Utsi umakwera n'kusanduka nkhungu. Mlendo akalowamo amazungulira tsiku lonse n'kutulukira pomwe analowera. Mtsikana wometedwa akayesa kuponda kunja, phazi limatera m'kati momwemo. Amuna sametedwa. Nzeru ndi zawo, tsitsi ndi lathu.

Olemba anthu aja anafa kalekale. Masiku anga nkhungu inkatchinga anamwino a katemera ndi ambulansi basi. Mayi anga anamwalira pobereka, galimoto ikuliza hutala kunsi kwa phiri. Pamaliro, a Lazarus, mkulu wa mpingo yemwenso amayang'anira mwala uja, anatiuza kuti tithokoze poti mudzi udakali wobisika.

Dyton, mnyamata wa kunja kwa nkhungu, ankabwera panjinga yamoto Lachinayi lililonse kudzatenga mbatatesi. Ife atsikana tinkasenza matumba mpaka kumalire, n'kuwakankhira kunja ife tili m'kati. Iye ankangoona manja anga, ine ndinkangomva mawu ake.

"Manja a chipsera aja abweranso," anatero tsiku lina.

"Nyamulani thumba, achimwene. Manjawa sali pamalonda."

"Kumeneko nonse ndinu olusa chonchi, kapena ndi kuzizira?"

"Inu kumeneko nonse ndinu olongolola chonchi, kapena ndi dzuwa?"

Anaseka mpaka thumba linamugwera paphazi. Patapita miyezi, nkhani zinachuluka kuposa matumba. Ankandiuza za msika wa Manjawira, ndi za mlongo wake amene amaluka tsitsi la anthu tsiku lonse popanda wolitentha. Tsiku lina anandigwira dzanja. Sindinalichotse.

Juni atayandikira, tulo tinayamba kuvuta. Aliyense ku Chibisa amadziwa kuti mtsikana amene mtima wake uli kunja, utsi wake sukwera. Umakwawa pansi kutsata mtimawo. Wotereyo amamukwatitsa sabata yomweyo kwa mwamuna woyamba kukweza dzanja, ati kuti mtima ubwerere. Ndipo chaka chimenecho a Lazarus anali atangoferedwa mkazi, moti ankandipatsa moni kawiri pa tsiku.

Tsiku lometa linagwa Lachinayi. Ometa anali azakhali anga a Mervis. Atandikhazika pampando anawerama ngati akuyang'ana nsabwe.

"Iwe, ngati pali kanthu nena pompano," ananong'ona. "Ndili ndi ubweya wa mbuzi m'chitenjemu, ndiwapatsa m'malo mwa tsitsi lako."

"Munayamba liti zimenezi, azakhali?"

"Khala bwino, ndingakucheke."

"Ndi angati chaka chino?"

"Anayi. Iwe ukhala wachisanu."

Ndinaseka mpaka lezala linandikanda. Zaka zonsezi azibambo akuvina monyada kuti ana awo ndi osungika, pamene mudzi ukubisidwa ndi mbuzi.

"Metani langa lomwe muwapatse," ndinatero.

"Ukudziwa amene akweze dzanja?"

"Ndikudziwa. Anayamba kale kulikonzekera."

Kumwala amuna anaima ndi zishango zodyedwa ndi njenjete, akuimba nyimbo yachingoni imene palibe mmodzi yemwe akanakuuza tanthauzo lake. Tsitsi la Pauline, mwana wa a Lazarus, linatsogola. Utsi unakwera bwinobwino, koma fungo lake linali la kukhola. Bambo ake anagwedeza mutu mokhutira.

Kenako anaponya langa. Utsi unatsika pamwalapo ngati madzi, n'kudutsa pakati pa miyendo ya a Lazarus. Nyimbo inazima. Mkulu uja anavula chipewa n'kuyamba kuukupiza kuti ukwere, akuthamanga chowerama ngati akugwira nkhuku. Utsiwo sunawalabadire. Unadutsa pakhola, unalowa m'minda, ndipo ponse pamene unadutsa nkhungu inang'ambika, n'kusiya mpata waukulu ngati khomo. Dzuwa linalowa. Ana anabisa nkhope.

"Waona manyazi ako, mwana iwe?" anatero a Lazarus akupumira m'mwamba. Dzanja linali kale m'mwamba.

"Ndikuona njira, bambo. Tsitsani dzanjalo, mungatope."

"Mervis, thira madzi pamotopo."

Azakhali ananyamula ndowa. Sindinaonepo munthu akuyenda pang'onopang'ono chonchija. Anaima n'kukonza chitenje, n'kukonzanso mpango. Koma tsitsi silichedwa kupsa, choncho sindinadikire kuti ndione ngati afika.

Ndinathamanga m'mpatamo. Kumbuyo amuna ankaitanizana mayina, aliyense akuuza mnzake kuti andigwire, koma palibe amene anafuna kuponda mu utsi wa mtsikana wopanda khalidwe. Pamene ndinkafika kumunsi, mpata unali utayamba kuchepa, nkhungu ikundinyowetsa mapewa onse awiri. Pamalire ndinatseka maso n'kuponda. Phazi linatera pa fumbi lotentha.

Patsogolo panga panaima mnyamata wamfupi, wa makutu aakulu, akutsokomola utsi utamuzinga m'miyendo. Anayang'ana mutu wanga wa mpala wotuluka magazi, kenako anayang'ana manja.

"Ndinu inu," anatero.

"Mawu anu ndi aatali kuposa inu."

"Nanunso ndinkayesa muli ndi tsitsi."

"Limera. Njingayo imayenda, kapena ndi yongolira?"

Anatsitsa thumba limodzi la mbatatesi kuti ndipeze pokhala. Nditacheuka, nkhungu inali itatsekeka, ndipo m'kati mwake munkamveka nyimbo ija, ataiyambanso kuchokera poyamba.