Uvuni wathu wakhala pansi

Ayi dikira kaye ndimalize kkkk, uvuni wadongo uja tinamanga ndi amalume wagwa! Paja amalume anandiphunzitsa kuti umayamba waunjika mchenga wonyowa ngati kachulu, kenako n'kumata pamwamba pake dongo losakaniza ndi udzu. Tinaliponda ndi mapazi Loweruka lonse, ine kumangoterereka, iwo kuseka mpaka kutsokomola. Pochoka anati, "Mphwanga, mchenga wam'katiwo usauchotse mpaka Lachisanu, dongo liyambe lauma."

Koma ine Lolemba ndinagogoda n'kumva ngati lauma kale. Ndimafuna ndiwadabwitse ndi buledi asanabwerere kuntchito, poti akapita amatha chaka osabwera. Ndiye ndinayamba kufukula mchenga uja ndi mbale. Uvuni unangoti phwaa, ngati chipewa choti munthu wachikhalira kkkk. Ndinaseka, kenako misozi.

Amalume atabwera anangouyang'ana, n'kutola kachidutswa pomwe panadinda zala zathu, n'kuika m'thumba. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anyamuka m'mawa uno, buledi osalawa.

Ndamutumizira chithunzi mnzanga wina wa m'kalasi, iye wayankha kuti, "Usalire iwe, dongo silinathe padziko. Loweruka ndikubwera tidzaponde lina, koma mbale zonse ndikakubisira kwathu mpaka Lachisanu."