Nsapato Zatsopano za Achemwali

Bambo athu anasoka nsapato moyo wawo wonse, ndipo mutu utayamba kuwasokonekera anaiwala nkhope zathu koma mapazi sanaiwale. Ukalowa m'chipinda mwawo sakuyang'ana kumaso, amayang'ana pansi. Ine amandidziwira patapata wobiriwira amene ndimavala m'nyumba. Ndikavala zina amandifunsa ngati ndabwera kudzawerenga mita ya madzi.

Achemwali anga zimenezi sankazidziwa bwino. Akanazidziwa nthawi yanji? Chimalizireni maphunziro a unamwino ku yunivesite akhala akuthamanga m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira, kuchiritsa amayi oyembekezera m'matenti, kukangana ndi akuluakulu kuti mankhwala afike. Kunyumba amangodutsa. Koma akafika, bambo amawazindikira nthawi yomweyo chifukwa cha nsapato zawo zakuda, zodyeka chidendene chakumanzere, zimene bambowo anazisokapo kambirimbiri. Amangoti, "Iwe, ukupondabe mopendekera?" Achemwali n'kuseka, mtima uli m'malo kuti bambo akuwakumbukirabe. Ndinayesapo kuwafotokozera achemwali pafoni kuti bambo amadziwa nsapatozo osati nkhope, koma anali pakati pa odwala, anangoti "chabwino, chabwino" n'kudula.

Ndiye yunivesite inaitana ophunzira ake akale kuti iwalemekeze chifukwa chotumikira anthu, achemwali ali m'gulu lomwelo. Achemwaliwo anandiimbira foni.

"Mng'ono wanga, bambo abwere. Mendulo ndilibe nayo ntchito, ndikungofuna andione."

Adokotala anali atatiuza kale kuti mtima wa bambo watopa, ndipo ulendo ngati uwu sudzapezekanso.

Bambo ndinawameta, kuwaveka jekete lawo lakale, kuwakankha panjinga ya odwala mpaka muholo. Tinakhala kutsogolo, pansi pa fani yomwe inkangopanga phokoso mphepo osatuluka. Akuluakulu anayankhula mpaka msana kuwawa. Kenako anaitana achemwali. Anthu anaimirira, ndipo amayi ena amene anathandizidwa m'matenti muja ankalira osabisa. Inenso ndinalira, mpaka nditayang'ana kumapazi kwa achemwali akukwera masitepe. Anali atavala nsapato za gogoda, zofiira, zonyezimira, zongotuluka kumene m'bokosi.

Mwambo utatha anabwera chothamanga, n'kuwerama, n'kuika mendulo ija m'manja mwa bambo.

"Bambo, mwandiona?"

Bambo anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anabweza mendulo ija ndi manja awiri, mwaulemu ngati akupereka nsapato kwa kasitomala.

"Zikomo, mayi. Mwagwira ntchito yabwino. Makolo anu ali ndi mwayi."

"Bambo, ndine. Mwana wanu woyamba."

"Wanga sanabwere," anatero bambo. "Amatanganidwa ameneyo. Amapondera kumanzere."

Ndinawakokera pambali achemwali n'kuwanong'oneza. "Zakuda zija zili kuti? Titume munthu akatenge."

"Ndinapatsa mayi wina kumsasa dzulo," anayankha achemwali. "Amayenda pamatope opanda kanthu kumapazi. Mayiyo wapita kale kwawo, ndi dzina lomwe sindikulidziwa."

Ndinafuna kuwakalipira. Zaka zonsezi ndine ndimasambitsa bambo, ndine ndimawadyetsa, ndipo lero lokha ndinkafuna kuti aseke ndi ana awo onse awiri. Koma ungamukalipire bwanji munthu pa chinthu chomwe angomupatsira mendulo? Ndinangowagwira dzanja, chisoni chitandigwira ngati tili pamaliro.

Achemwali anavula nsapato zija pomwepo, anthu akuona, ojambula zithunzi akudabwa. Anaziika pamiyendo ya bambo n'kugwada pasimenti, mkanjo ukukwekwereza fumbi. Bambo anatenga yakumanzere, kuitembenuza, kusisita chidendene ndi chala chachikulu monga ankachitira pabenchi yawo. Achemwali anadikira osaphethira.

"Palibe chokonza apa, mayi," anatero bambo, akuwabwezera. "Kaziyendereni kaye. Zikadyeka mudzabwere."