Makina Obwereka

A Mkwapatira analota alendo akunja atafika pakoleji yawo ya ntchito zamanja. Sanabwere pagalimoto ayi. Anatulukira m'kabati yosungira zida, atavala majekete onyowa, n'kupereka moni mwaulemu. Anabwera kudzasankha wophunzira mmodzi woti akapitirize maphunziro kwawoko, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwayiwo unali wa Zione, mtsikana wamutu wakuthwa koposa onse.

Pakati pa chipinda panali makina osemera zitsulo, onyezimira ngati mkwatibwi. Makinawo anali obwereka. A Mkwapatira anakawatenga dzulo lake kukoleji ina ya m'tauni, monga momwe munthu amabwerekera mipando ya aneba pa chinkhoswe. Chiyambire, ana awo ankaphunzirira makina ongojambulidwa pabolodi. Ankawajambula bwino ndithu, a Mkwapatira, moti pa luso la choko panalibe wowaposa m'boma lonselo.

Alendo atangokhala pansi, makina anatsokomola.

"Pepani, bambo mphunzitsi," anatero makinawo, "kodi tibwerera liti kwathu? Kuno sitikudziwako munthu."

A Mkwapatira anawafunditsa nsalu ya patebulo, koma mawu ankatulukabe kunsi kwa nsaluyo. Manyazi anawagwira. Anali iwo omwe amene anavutitsa akuluakulu kuti koleji ipeze abwenzi akunja, ndiye walira mvula walira matope.

Mlendo wamkulu, mayi wa tsitsi loyera, anapempha kuti wophunzirayo awonetse ntchito yake. Zione anaimirira, n'kuwalambalala makina aja osawayang'ana n'komwe, ulendo wa kubolodi. Anagwira chogwirira cha makina ojambulidwa aja n'kuchipukusa. Makina a pabolodi analira, fumbi loyera likuthothoka, ndipo m'manja mwake munagwera bawuti yokongola. Anakaipereka atanyonyomala. Mlendo ataigwira, inafumbutuka n'kumudetsa zala.

Palibe anaseka. A Mkwapatira akanakonda anthu akanaseka, chifukwa chete ameneyo ankawotcha kumaso.

Kenaka khomo lakumbuyo, lomwe masiku onse limaloza kumunda wa chinangwa, linatseguka lokha. Kuseri kwake kunali dziko la alendowo. Kunkachokera mphepo yozizira, ndipo kunkamveka kulira kwa mafakitale.

"Funso ndi limodzi lokha, bambo," anatero mayi uja. "Kodi manja a mwanayu anakhudzapo chitsulo cha makina? Mukavomera, adutsa. Mukakana, khomoli silidzatsegukanso."

Zione anayang'ana aphunzitsi ake osaphethira. A Mkwapatira anaganizira za atsikana anzake a Zione amene anatsiriza maphunziro omwewa, lero akugulitsa mandasi padepoti. Anayang'ana pansi.

"Anakhudzapo," anatero.

Bodzalo litangotuluka linagwa pasimenti n'kulira ngati sipanala. Aliyense analimva, koma alendo anagwedeza mitu kuvomereza, poti alendo sakonda kuyalutsa mwini khomo. Zione anatsanzika bwinobwino, n'kudutsa.

Tsidyalo kunali holo yosaoneka mathero ake, yodzaza makina okhaokha. Onse anasiya ntchito, n'kutembenuka kuyang'ana manja a mtsikanayo. Anthu ovala maovolosi anamupatsa malo, nadikira. Zione anazungulira makina amene anamupatsawo, akusisita apa ndi apo. Anagwada, kusuzumira kunsi. Atadzuka anatembenukira kukhomo, milomo ikunjenjemera ndi chisanu.

"Aphunzitsi," anaitana motsitsa mawu kuti ena asamve, "amayatsira pati?"

A Mkwapatira anayasama kuti amuyankhe. Khomo linali litayamba kutsekeka pang'onopang'ono, ndipo mwanayo ankadikirabe, akuwakhulupirira monga mwa masiku onse. Anafunitsitsa kudzuka, koma tulo tinawakaniza. Anangoima pomwepo zyolizyoli, poti nawonso chibadwire anali asanawayatsepo.